Diso la Mnzako Kumbuyo kwa Kalasi

M'masukulu athu ambiri muli pepala limodzi lomwe silisowa mlembi. Ili ndi pepala la amonitala, pomwe pamalembedwa mayina a ana olongolola mphunzitsi akangotuluka m'kalasi. Mwana amene dzina lake lapezeka pamenepo amadziwiratu kuti lero kuli chibalo: kusesa bwalo, kutchetcha, kukumba dzenje la zinyalala, mwinanso chikwapu kumene, ngakhale Unduna wa Maphunziro unaletsa kumenya ana m'sukulu. Ku maphunziro a katekisimu nakonso zinthu sizisiyana kwenikweni. Katekisiti aliyense angathe kukutchulirani pamtima ana amene amachedwa, amene amatsinana pa benchi la kumbuyo, ndi amene sanaloweze mapemphero. Zolakwa za ana timaziwerenga mosamala ndithu. Chomwe sitiwerenga ndi zochita za munthu wamkulu amene waima kutsogolo kwa anawo.

Nkhani ino ikufotokoza njira imene akatswiri a maphunziro, makamaka a ku America, akhala akuiyesa kwa zaka zoposa 50 tsopano. Munthu wina amakhala phee kumbuyo kwa kalasi ali ndi wotchi, pepala ndi cholembera, n'kumalemba kamzere nthawi iliyonse imene mphunzitsi wachita chinthu chimene awiriwo anagwirizana kuti chiwerengedwe. Phunziro likatha amakhala pansi n'kuona pamodzi zimene timizereto tikunena. Cholinga chake n'kuthandiza mphunzitsi kuti alimbikitse khalidwe labwino mwa ana m'malo momangothamangitsana ndi khalidwe loipa. Tikuilemba nkhaniyi poganizira aphunzitsi a m'masukulu a Mpingo, makolo a m'makomiti a sukulu, ndiponso inu akatekisiti ndi aphunzitsi a Tilitonse amene mumasonkhanitsa ana sabata ndi sabata.

Zimene oonerera anapeza

M'chaka cha 1968, akatswiri atatu, a Charles Madsen, a Wesley Becker ndi a Don Thomas, anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anachita m'makalasi a ana aang'ono ku America. Anatumiza anthu oonerera kuti azikalemba zochita za ana ovuta komanso za aphunzitsi awo. Poyamba aphunzitsi anapemphedwa kukonza malamulo a m'kalasi ndi kumawakumbutsa anawo kawirikawiri. Khalidwe la ana silinasinthe kwenikweni. Koma pamene aphunzitsi anayamba kuyamikira mwana akachita bwino, uku akuleka kulabadira tizolakwa ting'onoting'ono tosavulaza munthu, chisokonezo chinachepa kwambiri. Malamulo paokha, ngakhale abwerezedwe m'mawa uliwonse, anaoneka kuti ali ndi mphamvu yochepa.

A Madsen ndi anzawo anachitanso kafukufuku wina amene mphunzitsi aliyense ayenera kumumva. M'kalasi ina ana ankakonda kuimirira ndi kuyendayenda nthawi ya phunziro. Aphunzitsi atapemphedwa kuti achulukitse kulamula ana kukhala pansi, mwana wolamulidwayo ankakhaladi pansi nthawi yomweyo, koma oonerera atawonkhetsa zolemba zawo anapeza kuti kuimirira kwa ana kwachuluka kuposa kale. Kunadzatsika pamene aphunzitsi anayamba kuyamikira ana amene akhala pamalo pawo. Taonani msampha umene uli apa. Mphunzitsi amaona ndi maso ake mwana akukhala pansi atangomukalipira, motero amakhulupirira ndi mtima wonse kuti kukalipa kukugwira ntchito. Chimene iye sangathe kuona ndi chiwerengero cha ola lonse. Mwana amalakalaka kuti wamkulu amuone. Ngati njira yokhayo yoti dzina lake litchulidwe ndi kusokosa, ndiye kuti asokosa basi.

Patapita zaka zingapo, mu 1975, mayi Mary Alice White anasonkhanitsa zolemba za oonerera m'makalasi a aphunzitsi 104, kuyambira kalasi yoyamba mpaka ya 12. Anapeza kuti ana akamakula, kuyamikiridwa kumanka kucheperachepera, ndipo kupitirira kalasi yachiwiri kudzudzula kunali kochuluka kuposa kuyamikira pa msinkhu uliwonse. Kuyamikira kochepako nakonso kunkapita kwa mwana amene wakhoza funso. Kuyamikira mwana chifukwa cha khalidwe lake, monga kudikira bwino kapena kumvetsera, kunali kosowa zedi. Tisafulumire kunena kuti aphunzitsi amenewa anali ouma mtima. Mwana waphokoso amakoka maso, pamene mwana wachete, amene wachita zonse zimene anauzidwa, amazimirira ngati palibepo.

Kafukufuku wamtunduwu ndi amene anakhala maziko a dongosolo limene pa Chingerezi amalitchula kuti Positive Behavioral Interventions and Supports, mwachidule PBIS, kutanthauza kuchirikiza khalidwe labwino. M'chaka cha 1997 lamulo la dziko la America lokhudza maphunziro a ana aulumali linatchula njira imeneyi, ndipo chaka chotsatira boma la dzikolo linapereka ndalama zokhazikitsira likulu lothandiza masukulu pa nkhaniyi, motsogozedwa ndi a George Sugai ndi a Rob Horner a ku sukulu ya ukachenjede ya Oregon. Kuchokera apo masukulu oposa 20,000 m'dzikolo analandira dongosololi. Mfundo yake ndi yosavuta kuimva: khalidwe liphunzitsidwe monga momwe timaphunzitsira masamu. Mwana akalephera kuchotsera sitimupatsa khasu kuti akalime. Timamusonyeza, amayesa, timamuuza pamene wakhoza, n'kubwerezanso. Eni dongosololi amayerekeza kuti pa ana 100 alionse, pafupifupi 80 amayenda bwino ngati mphunzitsi waphunzitsa momveka khalidwe loyenera ndi kumaliyamikira, pafupifupi 15 amafunika thandizo loonjezera, ndipo pafupifupi 5 amafunika kuthandizidwa aliyense payekha. Gawo lalikululo, la ana 80 aja, latsamira pa timachitidwe ta tsiku ndi tsiku ta mphunzitsi, ndipo timeneti ndi timene woonerera amawerenga.

Kodi amawerenga chiyani?

Choyamba ndi kuyamikira, ndipo kulipo kwa mitundu iwiri. Kulipo kuyamikira kwachisawawa, kumene tonse tinakuzolowera: "Wachita bwino," kapena "Tiyeni timuombere m'manja." Kumeneku n'kwabwino, koma sikuuza mwana chimene wachita bwinocho. Kulinso kuyamikira kotchula chinthu: "Inu a mzere wa kuwindo, mwatsegula mabuku musanauzidwe kawiri, zikomo," kapena "Wadikira kuti mnzako amalize kulankhula, umo ndi momwe timachitira muno." Mawu otere amagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi. Amalimbikitsa amene wayamikiridwayo, komanso amakumbutsa kalasi yonse lamulo popanda kukalipira munthu. Woonerera amagawa pepala lake kuti mitundu iwiriyi ilembedwe padera, chifukwa aphunzitsi ambiri amene amadziona ngati oyamikira amadzapezeka kuti ali ndi timizere tambiri ku mbali yachisawawa, ku mbali inayo kuli gwaa.

Chachiwiri ndi kudzudzula. Apa woonerera amalemba kuti kwachitika kangati, komanso ngati kunali kofuula pamaso pa onse kapena kwapansipansi pafupi ndi mwanayo. Kusiyanitsa kumeneku kuli ndi chifukwa chake. M'chaka cha 1970 a K. Daniel O'Leary ndi anzawo anapeza kuti ana ovuta ankasintha bwino mphunzitsi akawadzudzula monong'ona, mwakuti amve mwiniwake yekha, kusiyana ndi pamene ankawafuulira kalasi yonse ikumva. Mwana wofuulidwa amapatsidwa bwalo, ndipo anzake amasanduka oonerera gule.

Palinso mwayi woyankha. Ana amene angokhala kumvetsera kwa mphindi 20 osapatsidwa chochita amadzipezera okha chochita, ndipo kawirikawiri chimakhala chimene ife sitikufuna. Motero woonerera amalemba nthawi iliyonse imene mphunzitsi wapereka funso kapena ntchito yofuna yankho, kaya kwa mwana mmodzi, kaya kwa awiriawiri, kaya kwa kalasi yonse. Njira yokoma kwambiri apa ndi kujambula mapu a kalasi papepala, n'kumaika kadontho pamalo pamene pakhala mwana amene waitanidwa. Pakutha pa mphindi 15 mapuwo amalankhula okha. Mwina madontho onse aunjikana kutsogolo. Mwina ali ku mbali ya anyamata. Mwina ngodya ina yonse ilibe kadontho ngakhale kamodzi, ndipo mukayang'anitsitsa mupeza kuti ngodya yomweyo ndi imene mphunzitsi amaidandaula kuti ndi ya ana osamva. Pa mapu omwewo pangathe kujambulidwanso njira imene mphunzitsi wayenda, kuti zioneke ngati anachokapo pa bolodi.

Ena amayezanso kudikira. Mayi Mary Budd Rowe, amene ankafufuza za kaphunzitsidwe ka sayansi m'zaka za m'ma 1970, anapeza kuti aphunzitsi akafunsa funso ankadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha asanaloze mwana wina kapena kudziyankha okha. Kudikirako kutafika masekondi atatu, mayankho anatalika ndipo ana amene kale ankangokhala duu anayamba kukweza manja. Masekondi atatu n'kanthawi kochepa pa wotchi, koma kwa munthu amene waima kutsogolo kwa ana ali chete kamatalika ngati ulaliki wa pa Lachisanu Loyera.

Kumbali ya ana, woonerera salemba mayina. Amasankha mzere umodzi kapena gulu limodzi, ndipo mphindi iliyonse ikakwana amakweza maso n'kuwerenga kuti ndi angati amene aika mtima pa ntchito. Chiwerengero chimenechi ndicho chimadzasonyeza ngati kusintha kwa mphunzitsi kwabala chipatso.

Zonsezi siziwerengedwa tsiku limodzi. Munthu ali ndi maso awiri ndi dzanja limodzi lolembera. Akasankha zinthu ziwiri kapena zitatu wakwanitsa. Mphindi 10 kapena 15 n'zokwanira, koma zibwerezedwe masiku angapo, pa nthawi yofanana, popeza tsiku loyamba mphunzitsi ndi ana omwe amachita zachilendo poona mlendo. Chofunika kwambiri ndi kugwirizana kaye tanthauzo la chinthu chilichonse. Kodi kugwedeza mutu ndi kumwetulira tikuwerenga ngati kuyamikira? Nanga kugogoda tebulo ndi dasitala n'kudzudzula? Ofufuza amaonetsetsa kuti anthu awiri akaonerera phunziro limodzi zolemba zawo zifanane pa magawo 80 mwa 100 kapena kuposerapo. Ife sitikulemba buku la kafukufuku, komabe ngati tanthauzo likusintha Lolemba ndi Lachinayi, manambalawo ndi achabechabe. Ndipo woonerera alembe chimene waona ndi kumva, osati chimene waganiza. Mawu akuti "analibe chikondi" ndi chiweruzo. Mawu akuti "pa mphindi 15 anadzudzula ka 17" ndi chinthu chimene awiri angakambirane popanda kukangana. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchito ya woonerera ndi yotero.

Kukambirana phunziro litatha

Tiyerekeze kalasi ya Sitandade 4. Woonerera, amene ndi mphunzitsi mnzake wa pa sukulu yomweyo, walemba kuti pa mphindi 15 panali kuyamikira kotchula chinthu kamodzi, kwachisawawa kanayi, ndi kudzudzula ka 17. Walembanso m'mphepete kuti mwa ka 17 kameneka, ka 11 kanachitika pa nthawi yogawa mabuku. Akakhala pansi pa mtengo nthawi yopuma, woonerera sayamba ndi malangizo. Amapereka pepala n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, mukuona chiyani apa?" Kawirikawiri mwini kalasi amadabwa kaye, mwinanso kukana, kenaka iye mwini amaloza pamene pali vuto: "Kani chisokonezo chonse chimayambira pogawa mabuku?" Akatero ntchito yatheka ndi theka. Nkhani yasiya kukhala yakuti ana a chaka chino ndi osamva, yasanduka yakuti palibe dongosolo logawira mabuku. Limeneli lingathe kuphunzitsidwa Lolemba m'mawa: atsogoleri a mizere abwere, ena onse manja pa maondo, tiyese kawiri, ndipo mzere umene wachita bwino utchulidwe. Mphunzitsi akumbutse anawo dongosololi mabuku asanatuluke m'katoni, osati chisokonezo chitayamba kale. Asankhe cholinga chimodzi chokha, monga kuyamikira kotchula chinthu kasanu pa mphindi 15, ndipo mnzakeyo adzabwerenso sabata yamawa kudzawerenga chomwecho.

Kubweranso kumeneku ndiye mtima wa nkhani yonse. M'zaka za m'ma 1980 a Bruce Joyce ndi mayi Beverly Showers anasonyeza kuti zimene aphunzitsi amamva ku misonkhano ya maphunziro sizifika kwenikweni m'kalasi pokhapokha ngati wina awatsatira kumeneko ndi kuwathandiza poyesa. Tonse tikuidziwa misonkhano yotere: munthu amabwerako ndi kope lodzaza ndi mfundo zabwino, patatha mwezi kopelo lili pansi pa sutikesi. M'chaka cha 2008 mayi Wendy Reinke, mayi Teri Lewis-Palmer ndi a Kenneth Merrell anafalitsa zimene anapeza atagwira ntchito ndi aphunzitsi anayi a ku pulayimale. Aphunzitsiwo atayamba kulandira tsiku ndi tsiku chojambula chosonyeza kukwera ndi kutsika kwa kuyamikira kwawo, kuyamikira kunachuluka, kudzudzula kunachepa, ndipo chisokonezo cha ana chinatsika. Aphunzitsi anayi ndi ochepa, inde, koma mu 2020 a Paul Caldarella ndi anzawo anatulutsa zotsatira za kuonerera makalasi 151, a ana 2,536, m'zigawo za Missouri, Tennessee ndi Utah kwa zaka zitatu. M'makalasi momwe kuyamikira kunkaposa kwambiri kudzudzula, ana ankaika mtima pa phunziro mochuluka ndi 20 mpaka 30 peresenti kuyerekeza ndi makalasi momwe kudzudzula ndi kumene kunkalamulira.

Mwina munamvapo kuti mphunzitsi ayenera kuyamikira kasanu pa kudzudzula kamodzi kalikonse. Ndi chikumbutso chothandiza, koma a Caldarella ndi anzawo sanapeze nambala yamatsenga yotero. Anapeza kuti kuyamikira kukamakwera poyerekeza ndi kudzudzula, chidwi cha ana nacho chimakwera pang'onopang'ono. Mphunzitsi amene wachoka pa kuyamikira kamodzi pa kudzudzula katatu n'kufika pofananitsa ziwirizi wayenda kale ulendo, ndipo asagwe mphwayi poti sanafike pa kasanu.

Nanga kuno kwathu?

Wina anena kuti zonsezi n'za ku America, kumene kalasi imakhala ndi ana 20 kapena 30 aliyense pa desiki lake. Wanena zoona. Kuno kwathu, boma litayambitsa maphunziro aulere a ku pulayimale mu 1994, chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo si zachilendo kupeza mphunzitsi mmodzi ali ndi ana oposa 100 m'makalasi a m'munsi. Choncho manambala a ku Utah sangakhale muyeso wa mphunzitsi wa kuno. Mphunzitsi ayerekezedwe ndi iye mwini: sabata ino ndi sabata yatha. Komanso m'kalasi yaikulu kuyamikira kumapita kwambiri kwa mizere ndi magulu kusiyana ndi kwa mwana mmodzimmodzi. Koma kukula kwa kalasi kukuonjezera kufunika kwa woonerera, pakuti munthu amene akulimbana ndi ana 120 alibe mpata ngakhale pang'ono wodziyang'anira yekha. Banki Yaikulu ya Dziko Lonse nayo mu 2019 inatulutsa ndondomeko yoonerera makalasi yotchedwa Teach, yokonzedwera mayiko osauka ndi otukuka pang'ono, ndipo mwa zinthu zimene imayang'ana muli kuona ngati mphunzitsi amanena momveka khalidwe limene akuyembekezera ndi kuzindikira ana akalichita.

Funso lovuta kwambiri ndi lakuti aonerere ndani. Tili ndi alangizi a maphunziro a pulayimale, a PEA, amene amayendera masukulu kuchokera ku ma TDC a m'mazoni. Ntchito yawo ndi yofunika, koma ali ndi masukulu ambiri ndipo sangabwere sabata iliyonse. Komanso mlendo wochokera ku ofesi akalowa ndi fayilo, mphunzitsi amaphunzitsa phunziro la alendo. Maganizo athu ndi akuti kuonerera kumene tikufotokoza kuno kuchitike pakati pa aphunzitsi okhaokha, awiriawiri, mosinthana: lero ndikhala kumbuyo kwa kalasi yanu, mawa mukhale kumbuyo kwa yanga. Ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri. Pepala likhale la mwini kalasi, apite nalo kwawo. Tsiku limene mphunzitsi wamkulu kapena bambo mfumu adzatenge mapepala amenewa n'kukawerengera anthu pa msonkhano, kapena kuwagwiritsa ntchito posankha woti asamutsidwe, njirayi idzafera pomwepo. Aphunzitsi adzayamba kuthira mawu oyamikira ngati mchere mlendo akakhalapo, manambala adzakongola, koma ana sadzapindula kanthu.

Chinsinsi chimenechi chili ndi malire ake, ndipo apa tisabisane. Woonerera akaona mwana akumenyedwa, akunyozedwa chifukwa cha ulumali kapena umphawi, kapena akugwiridwa mosayenera, imeneyo si nkhani ya timizere. Ayenera kukanena kwa oyenera, motsatira malamulo a dziko ndi ndondomeko za Mpingo zoteteza ana.

Palinso chodandaula china chimene makolo ndi aphunzitsi achikulire amachinena, ndipo tisachipeputse. Amati mwana ukamuyamikira kwambiri amayamba matama, ndipo ena amatchulanso ndime ya m'buku la Miyambo yokamba za ndodo. Kunena zoona, kuyamikira kwabodza kumaononga. Kuuza mwana kuti ndi wanzeru kuposa onse pamene sanachite kanthu n'kumunamiza, ndipo ana amazindikira msanga mawu a pakamwa chabe. Koma kutchula chinthu chabwino chimene mwana wachitadi n'kunena zoona, ndipo kumaloza ntchito, osati kukweza munthu. Njirayi sichotsanso chidzudzulo kapena chilango choyenera. Mwana womenya mnzake aletsedwe nthawi yomweyo. Chimene ikukana ndi kalasi momwe mawu okhawo amene mwana amamva kuchokera kwa wamkulu ndi akuti walakwa.

Mpingo unazidziwa kale

Kwa ife Akatolika mfundo zimenezi si zachilendo. Don Bosco, wansembe wa ku Turin m'dziko la Italy amene anakhala ndi moyo kuyambira 1815 mpaka 1888, analera anyamata a m'misewu amene ena ankawaona ngati otayika. M'kabuku kamene analemba mu 1877 anasiyanitsa njira ziwiri zolerera. Ina ndi yolengeza lamulo, kudikira kuti wina alakwe, n'kumulanga. Inayo, imene iye anaisankha, ndi yoteteza: kudziwitsa ana malamulo, kenaka mlezi n'kukhala pakati pawo nthawi zonse monga tate, kuwakumbutsa ndi kuwalangiza asanagwe. Anaimanga pa mizati itatu, nzeru, chipembedzo ndi chikondi chokoma mtima. Analetsa kumenya ana, kuwakoka makutu ndi kuwagwaditsa mozunza, ndipo anafuna kuti chidzudzulo chiziperekedwa pambali, osati pagulu. Iye mwini ankadziwika ndi chizolowezi choyandikira mnyamata pa bwalo la masewera n'kumunong'oneza mawu ochepa kukhutu. Zimene a O'Leary anadzapeza ndi wotchi ndi pepala, Don Bosco anali atazichita kale zaka 100 m'mbuyomo. Ana ake auzimu, a Salesian, ali nafe kuno, ndipo ku Area 23 mu Lilongwe amayendetsa parishi ndi sukulu ya ntchito zamanja.

Kuonerera mphunzitsi nako si kwatsopano mu Eklezia. Jean-Baptiste de La Salle, amene Papa Pius XII anamulengeza mu 1950 kukhala nkhoswe ya aphunzitsi, anakonza pamodzi ndi abale a chipani chake, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700 ku France, malangizo oyendetsera masukulu momwe munali udindo wa munthu woyendera makalasi ndi wophunzitsa aphunzitsi atsopano ntchito. Malangizowo, monga a nthawi yawo, ankalolabe chilango cha ndodo, ngakhale anachiikira malire. Koma maganizo akuti mphunzitsi asasiyidwe yekha ndi chitseko chotseka analipo kale.

Tisanamizane kuti pepala la timizere lingayeze chikondi chimene Don Bosco ankanena. Munthu angathe kuyamikira ka 20 ndi mtima wozizira. Komabe tikudziwanso aphunzitsi ndi akatekisiti ambiri amene amakondadi ana awo, amagona mochedwa kukonzekera phunziro, koma anawo sadziwa, chifukwa chimene amamva kuyambira pa chizindikiro cha mtanda mpaka pa pemphero lotsekera ndi "Chete!" ndi "Iwe!" Kwa munthu wotere pepalalo limasonyeza mtunda umene ulipo pakati pa zimene zili mumtima mwake ndi zimene zikufika m'makutu a mwana.

Inu akatekisiti, amene utumiki wanu Papa Francis anaukhazikitsa mwalamulo mu Eklezia m'chaka cha 2021, muli ndi mwayi umene aphunzitsi a kusukulu alibe: palibe woyendera amene akukulemberani malikisi, choncho mungayambe popanda mantha. Koma muli ndi vuto lanunso. Mwana wa kusukulu amabwerabe mawa ngakhale wakalipiridwa, pamene mwana wa ku katekisimu akanyozedwa pagulu angathe kungosiya kubwera, ndipo ena mwa iwo sitidzawaonanso mpaka tsiku lodzalembetsa ukwati. Pa tchalitchi pamene pali ophunzitsa awiri, mmodzi apemphe mnzake kuti Lamulungu likudzali akhale kumbuyo kwa mphindi 10 n'kuwerenga zinthu ziwiri zokha, kuyamikira kotchula chinthu ndi kudzudzula. Pamene pali wophunzitsa mmodzi, mkhristu wodalirika wa mu mphakati angathe kugwira ntchitoyi atafotokozeredwa bwino. Ngati palibiretu munthu, ikani nyemba khumi m'thumba la kumanja, ndipo nthawi iliyonse imene mwatchula chabwino chimene mwana wachita, samutsirani nyemba imodzi ku thumba la kumanzere. Phunziro likatha werengani.

Patatha milungu inayi kapena isanu, mwina mudzapeza kuti gulu lonse lakhazikika koma ana awiri kapena atatu akuvutabe monga kale. Apo kuwerenga zochita zanu kwafika pothera, ndipo anawo ndi aja ofunika thandizo loonjezera. Woonerera tsopano ayang'ane mwana mmodziyo: chimachitika n'chiyani asanayambe kusokosa, ndipo amapezapo chiyani akasokosa? Mwina amayamba nthawi yowerenga chifukwa sadziwa kuwerenga ndipo akubisa manyazi. Mwina samva bwino kapena saona bolodi, ndipo akufunika kukhala kutsogolo ndi kupita kuchipatala. Mwina wabwera osadya, kapena kunyumba kuli matenda kapena maliro. Zikafika apa, pitani mukacheze ndi makolo kapena omulera, ndipo ngati vutolo laposa mphamvu zanu, dziwitsani atsogoleri a mphakati ndi bambo mfumu.